Usiku umene tinazimitsa nyali kuti tione chovuta

Phokoso lake silinandichoke m'makutu mpaka lero. Thwa! Kenako zii pang'ono, kenako thwa-thwa! motsatizana, kuchokera kumbuyo kwa makina kumene kumagona chubu chagalasi chotulutsa kuwala kodulira. Munali mu February, mvula ikuvumba tsiku ndi tsiku kuno ku Blantyre, ndipo patebulo panali mulu wa maoda a Valentine: timitima ta perspex (pulasitiki wooneka ngati galasi), tokolowekamo makiyi, mayina a anthu okabaya pa keke. Makina anga a laser, odula ndi kulemba pa zinthu ndi kuwala kwamphamvu, ang'onoang'ono aja ochokera ku China amene ambiri timangowatchula kuti K40, ndiwo amandidyetsa. Amakhala m'chipinda chakuseri, pafupi ndi zenera limene ndinatulutsirapo paipi ya utsi.

Phokosolo likangomveka, mzere wodulidwa unkadumpha, perspex n'kutuluka ali ndi malo osaduka. Nthawi zina laputopu inkataya makina pakati pa ntchito, mutu wodulira n'kuima chiimire. M'chipindamo munkatsala kafungo kakuthwa kaja kamene mumakamva pafupi ndi makina a fotokope akagwira ntchito nthawi yaitali. Chodabwitsa chinali chakuti dzuwa likawala masana, makina ankadula bwinobwino. Kukacha kuli chinyezi, thwa!

## Aliyense anali ndi mankhwala ake

Anzanga a ntchito yomweyi atamva, ambiri anagamula msanga kuti chubu chatha, ndiitanitse china. Kunena n'kosavuta. Chubu cha makina amenewa ndi galasi lotalika pafupifupi masentimita 70, ndipo kuti chifike kuno chimayenda ulendo wa masabata, kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, chikugwedezeka m'malole ndi m'mabasi. Munthu umalipira ndalama zambiri, n'kumapemphera kuti chisafike chong'aluka. Wina anati ndingokulunga tepi yakuda pamene pakulira phokosopo. Winanso anati nditembenuzire mphamvu kumapeto kuti moto "uboole" chotchinga chilichonse. Malangizo awiri omalizawa ndi oopsa, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ndinaitana mnyamata wina amene amaika mawaya m'nyumba, waluso ndithu pa ntchito yake. Anatulutsa multimeter, mita yoyezera magetsi, n'kutsegula mbali ya makina, n'kuona waya wofiira wonenepa uja wochoka mu power supply, bokosi lopereka magetsi, kupita kuchubu. Asanachite kanthu anawerenga chikwangwani chachikasu chomatidwa pamenepo, kenako anayang'ana mita yake, imene inalembedwa kuti malire ake ndi ma volt 600. Anaibweza m'chikwama.

Anachita bwino kwambiri. Magetsi a m'soketi zathu ndi ma volt 230. Power supply ya laser imawakweza kufika pa 20,000 kapena kuposerapo kuti mpweya wa m'chubu uyake, ndipo ukayaka imawasunga pa ma volt oposa 10,000 nthawi yonse imene makina akudula. Pa mlingo umenewo magetsi sadikira kuti muwakhudze. Amalumpha mumpweya n'kukupezani. Mita wamba ikayandikira waya wofiirayo imapsa, ndipo dzanja lomwe laigwira limakhala njira yotsatira. Tepi yakuda ija nayo inapangidwira ma volt mazana ochepa chabe.

Mnyamatayo anandiuza mosabisa: "Achimwene, izi si za ife. Izi n'za madala aja okonza ma TV akale a chimbuyo. Pitani ku Limbe."

## Bambo a ma TV

Ndinawapeza m'kashopu kodzaza ma wailesi ndi ma amplifaya, pakona pali ma TV atatu a chimbuyo atakutidwa ndi fumbi. Ndi munthu wamkulu, wa imvi, wolankhula mosathamanga. Ntchitoyi anaiphunzira ku Harare ali mnyamata, ndipo pamene wailesi ya kanema inayamba kuno kwathu mu 1999, ma TV n'kuyamba kulowa m'nyumba zambiri, shopu yawo sinkasowa anthu. Lero ma TV ndi opyapyala, ndipo akawonongeka ambiri amangosintha bodi yonse kapena kugula ina.

Laser anali asanaionepo. Ndinawaonetsa zithunzi za mkati mwa power supply pafoni, iwo n'kukulitsa chithunzi ndi zala, n'kuloza kachinthu kakuda kamene mumatuluka waya wofiira, kamene kamakweza magetsi kufika pa ma volt zikwizikwi.

"Iyi ndi flyback, mwananga. Ndakhala nayo moyo wanga wonse. TV ya kala imafuna ma volt 25,000 kumbuyo kwa galasi. Makina akowa ndi abale ake."

Anafunsa mafunso ochepa. Kodi phokoso limabwera nthawi yanji? Kodi singano ya mita ya kutsogolo, yoonetsa magetsi odutsa m'chubu, imachita chiyani phokosolo likamveka? Kodi ndimadula zinthu zotulutsa utsi wambiri? Nditayankha kuti singano imagwa n'kudzukanso, anagwedeza mutu, n'kunena kuti abwera madzulo, dzuwa litalowa. Ndinadabwa kuti bwanji osabwera masana kukuwala. Anati vuto la mtunduwu limaoneka mumdima.

## Asanakhudze kanthu

Atafika sanathamangire kutsegula. Anaonetsetsa kuti pulagi yazulidwa kukhoma, n'kuiika pamalo oti tonse tiziiona. Anavula wotchi ndi mphete. Anapempha kuti tichotse ndowa ya madzi oziziritsa chubu pamene inali, pafupi ndi mapazi, ndi kupukuta pansi. Kenako anatulutsa m'thumba chida chimene anapanga okha kalekale: kapaipi kapulasitiki kotalika kuposa mkono, kumapeto kwake kuli kachitsulo, kochokera kukachitsuloko kuli waya wodutsa mu resistor yaikulu yochepetsa mphamvu ya magetsi n'kuthera pa kachopanira.

Asanachigwiritse ntchito anafuna kudziwa ngati thupi la makina lili ndi earth yeniyeni, njira yothawitsira magetsi panthaka. Apa ndi pamene multimeter ili ndi ntchito. Makina ali ozula, anayeza kuchokera pa phini lalikulu la pamwamba la pulagi kufika pa chitsulo cha makina, ndipo mita inasonyeza kuti njira yake ndi yotsekeka. Atamasula bawuti imene waya wa earth amamangidwapo kumbuyo, tinapeza kuti pansi pake pali penti yokhuthala. Wayayo anali atamangidwa pa penti, osati pa chitsulo. Ili ndi vuto lodziwika bwino pa makina otchipa a mtunduwu, ndipo limabwera nawo kuchokera kofula. Anapala pentiyo ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anamanganso, n'kuyezanso: tsopano inali pansi pa ohm imodzi.

Ananenanso kuti mnyamata wa mawaya uja abwere adzaone ngati soketi ya m'chipindamo ili ndi waya wa earth wofika panthaka. M'nyumba zambiri za lendi soketi imakhala ndi mabowo atatu koma mawaya awiri okha.

## Mdima

Apa ndi pamene nkhani yanga inatembenukira.

Anatsegula chivundikiro chakumbuyo, chubu chonse n'kuonekera. Chivundikiro chakutsogolo tinachitseka. Tonse tinavala magalasi otchinga kuwala kwa laser ya mtunduwu, chifukwa kuwala kumene kumadula sikuoneka ndi maso, ndipo kumbuyo kukakhala kotsegula kumayenda poyera kuchoka kukamwa kwa chubu kufika pa kalilole woyamba mwa amene amakhotetsa kuwalako kupita ku mutu wodulira. Tinalumikiza pulagi, tinayatsa pampu, tinadikira mpaka tinthovu tonse ta mpweya tatuluka m'chubu. Mphamvu tinaitsitsa. Iwo anaima patali, cham'mbali, manja ali kumbuyo. Ine anandiimika kutsogolo pa batani loyesera.

"Ndikati dina, udine kamodzi n'kusiya pomwepo. Usagwirire. Zimitsa nyali."

Chipinda chinada bii. Kunja mvula inali kuwaza pa malata, mkati munkangomveka pampu.

"Dina."

Chubu chinayaka, kamzere kofiirira chapepo kakuyenda pakati pa galasi kuchoka kumapeto ena kufika kwina. Nthawi yomweyo, kumapeto a kumanja, pamene waya wofiira amalumikizana ndi chubu, kunatuluka kamoto kena kopyapyala, kabuluu, kakuyenda mokhotakhota pamwamba pa labala wotchinga n'kulumphira ku khoma lachitsulo. Thwa! Kuwala kwa m'chubu kunazilala, singano inagwa.

"Ndakaona. Dinanso kamodzi." Thwa! Pamalo omwewo, njira yomweyo. "Basi. Zimitsa makina, zula pulagi, yatsa nyali."

Ndinachita zonsezo. Makina anali zii, magetsi ake onse atazima, pulagi ili m'manja mwanga. Kwa ine chinthucho chinali chitafa. Bambowo anangoti tidikire. Tinakhala pansi mphindi zingapo osanena zambiri. Kenako anapana kachopanira ka chida chawo pa bawuti ya earth ija, anabisa dzanja lamanzere kumbuyo, n'kuyamba kusendeza nsonga ya kapaipi pang'onopang'ono kulowetsa pansi pa labala, kufuna kachitsulo ka chubu.

Tchi!

Kanali kamoto kakang'ono, koma ndinakaona ndi maso anga, ndipo thupi lonse linachita tsemwe. Makina ozimitsa, ozula kukhoma, anali akusungabe magetsi. Anagunditsanso kachiwiri, kachitatu, mpaka panalibenso kanthu, kenako anasiya chidacho chili chokhudza pamenepo nthawi yonse imene ankagwira ntchito.

"Amene anavulala ndi ma TV m'nthawi yathu," anatero, "ambiri sanavulale TV ikuyaka. Ikayaka aliyense amaiopa. Anavulala itazima."

Anafotokoza za dzanja lobisa kumbuyo lija. Magetsi akalowa dzanja limodzi n'kutulukira linalo amadutsa pachifuwa, pamene pali mtima. Ndipo ngakhale asakuphe, amakukankha: mkono umaponyeka wokha, n'kuswa galasi kapena kung'ambika pa chitsulo. Ananenanso chinthu chimene ambiri sachiganizira. Kabokosi kaja kozimitsa magetsi a nyumba yonse munthu akagwidwa, kamene kamagwa pa ma milliamp 30, kamayang'anira mbali ya ma volt 230 yokha. Zochitika kuseri kwa flyback sikaziona. Kumeneko kulibe wokuteteza.

## Kanjira kakuda

Nyali itayaka, zonse zinaonekera. Pamwamba pa labala wotchinga polumikizira panali mwaye wosakanikirana ndi fumbi, wonata ukaukhudza, wochokera ku utsi wa pulayiwudi ndi MDF (matabwa a utuchi wopanikizidwa). Pakati pa mwayewo panadutsa kamzere kakuda kopyapyala, kokhala ndi tinthambi, ndipo poyambira pake panali kabowo kakang'ono koti nsonga ya singano yokha ndiyo ingalowe. Waya wofiira naye anali atagona pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwakuthwa mwa bowo limene amadutsira kuchoka ku power supply.

Mpweya wouma umatchinga magetsi bwino: pamafunika ma volt pafupifupi 3,000 kuti alumphe milimita imodzi pakati pa zitsulo zosalala. Koma pamene pali nsonga yakuthwa amalumpha mosavuta, ndipo pamwamba pa chinthu chakuda chimene chayamwa chinyezi amakwawa mtunda wautali kuposa pamenepo. N'chifukwa chake masana adzuwa makina ankandimvera, koma mamawa amvula ayi. Kafungo kaja ndi ka ozone, mpweya umene umapangika magetsi akamaboola mpweya wamba. Ndipo laputopu inkataya makina chifukwa kuthetheka kulikonse kumasokoneza waya wa USB.

"Magetsi ali ngati madzi a mvula," anatero bambowo akuloza kamzere kaja. "Akangokumba kangalande kamodzi, mawa adutsa momwemo, n'kumakakulitsa. Chakuda ichi ndi makala, ndipo makala amadutsitsa magetsi. Ukaphimba pamwamba, pansi njira ikadalipo. Chimafunika kuchotsa."

Anadula labala yense wopsayo n'kumutaya. Waya wofiira anamudula mpaka pamene chikopa chake chinali chabwino, chopanda chipsera. Galasi lozungulira kachitsulo ka chubu analipukuta ndi sipiriti mpaka linayera, n'kulisiya liume. Apa ndinaona kusamala kwa munthu wozolowera magalasi. Kachitsulo kameneka kamatuluka m'galasi lenilenilo, ndipo mukakatenthetsa ndi chowotcherera kapena kukapinda, galasi limang'aluka mosaoneka, mpweya wakunja n'kulowa, chubu n'kufa. Iwo sanawotcherere. Anakulunga timawaya ta mkuwa mozungulira kachitsuloko mothina, osasiya kansonga kalikonse kotuluka, anavekapo kapaipi ka silikoni, n'kudzaza mkati ndi silikoni wamadzi mosasiya mpata wa mpweya.

Silikoni wake si aliyense. Uja wonunkha viniga amene timamatira magalasi a mazenera amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amadya mkuwa. Wofunika ndi wosanunkha viniga, amene pa chubu chake amalemba kuti neutral cure. Ndipo ayenera kuuma ndithu, maola osachepera 24, wokhuthala kuposa pamenepo, chifukwa silikoni wosauma satchinga bwino. Ndinawauza za maoda anga a Valentine. Anandiyang'ana, n'kunena kuti ndikayatsa mawa m'mawa ndidzawaitananso mkuja. Ndinaimbira makasitomala mmodzimmodzi. Ena anadikira, ena ndinawatumiza kwa mnzanga wa makina ngati omwewa, ena anapita osabwereranso.

Pomaliza anakonza njira ya waya wofiira kuti ayende pakati pa bowo, kutali ndi chitsulo chilichonse ndi mawaya ena, atamuveka kapaipi kena ka silikoni podutsa pabowopo.

## Bala limene linatsalira mkati

Makina anabwerera m'chimake, phokoso lija linatha. Koma bambowo anandichenjeza kuti kuthetheka kulikonse kumamenya flyback, ndipo yanga inali itamenyedwa kambiri. Mvula isanathe, power supply inayamba kulira mosisita ndikadina batani, singano ikunjenjemera m'malo moima pamodzi, mphamvu yodulira ikukwera ndi kutsika. Tinayesanso mumdima, ndipo kunja kunalibe kamoto kalikonse. Moto unali kudya mkati mwa flyback, m'mawaya ake opyapyala okutidwa ndi utomoni, kumene munthu sangafikeko.

Flyback yokha imagulitsidwa, ndipo munthu wa luso lawo akhoza kuisintha. Koma anandilangiza kugula power supply yonse, chifukwa flyback ikamafa imakokera ma transistor oiyendetsa, ndipo ungasinthe chimodzi lero chinacho n'kufa sabata yamawa. Anakumbutsanso kuti mkati mwa bokosilo muli ma kapasita akuluakulu amene amasunga ma volt oposa 300 makina atazimitsidwa. Amenewo amapha mwakachetechete, popanda thwa. Pa makina ngati anga power supply yomweyo ndi imene imapereka ma volt 24 ndi 5 ku bodi yoyendetsa ma mota, choncho poitanitsa tinafananitsa malo olumikizira mawaya ndi akale, ndipo tisanazule waya aliyense tinajambula chithunzi ndi kumata kapepala ka dzina lake.

## Mmene ndimafunsira makina masiku ano

Chimene usiku uja unasintha mwa ine ndi ichi: makinawa ndimawaona ngati ali ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi yoyeza ndi mita. Mbali ya waya wofiira ndi yoyang'ana ndi kumvetsera uli patali. Ndipo pafupifupi chilichonse chimene ndimafuna kudziwa za mbali yoopsayo chimaoneka pa singano ya kutsogolo ndi pa kuwala kwa m'chubu.

Singano imeneyi imayeza, m'ma milliamp, kuchuluka kwa magetsi obwerera kuchokera kumapeto ena a chubu, kumene kuli waya wopyapyala. Magetsi akathawira ku chitsulo asanalowe m'chubu, sadutsa pa mita, ndiye singano imagwa. Ndi zimene bambo aja anamva pa yankho langa ku Limbe, asanaone n'komwe makina. Makina ena atsopano alibe singano, amangoonetsa mapelesenti pa kagalasi, ndipo manambala amenewo sakuuzani chimene chikudutsa m'chubu. Amene ali ndi otere ndimawalimbikitsa kuikitsa mita ya ma milliamp 30 pa waya wobwererayo. Ndi yotchipa, ndipo imalankhula zoona. Koma waya wopyapyalayo asakunamizeni. Akaduka kapena kumasuka makina akuyaka, magetsi onse aja amafika pamene padukapo. Ayenera kumangidwa molimba ngati mnzake wofiira.

Laser ikakana kuyaka, singano ili pa ziro, kulibe phokoso lililonse, nthawi zambiri vuto silili ku mbali yoopsa. Power supply zambiri zili ndi kabatani kakang'ono koyesera pa bokosi lenilenilo, kamene kamadumpha bodi ndi laputopu. Chubu chikayaka ndi kabatani kameneko koma n'kukana kuchokera ku laputopu, fufuzani mawaya ang'onoang'ono, ma swichi ndi bodi. Fufuzaninso kachida koona ngati madzi akuyenda, chifukwa kakatseka ndi ndere kamaletsa laser kuyaka. Ena akatopa nako amangolumikiza mawaya ake awiri kuti kasavutenso. Poyesa kwa kamphindi n'zomveka, koma kukasiya choncho ndimakana kwamtuwagalu. Tsiku limene pampu idzaima inu muli pafoni, chubu chidzatentha n'kusweka, madzi n'kukhuthukira pamene pali ma volt zikwizikwi.

Singano ikakhala pa ziro koma kukumveka kusisita kapena kuthetheka, ndiye kuti magetsi akupangidwa koma akusowa podutsa. Mwina chubu chang'aluka, mwina waya wobwerera waduka. Apa musapitirize kudina kuti muone ngati zisinthe, ndipo musakweze mphamvu. Magetsi osowa kolowera amakwera mpaka ataboola pofooka, ndipo pofooka pake kawirikawiri ndi mkati mwa flyback. Anthu ambiri amayamba ndi chubu chakufa n'kumaliza ndi power supply yakufanso chifukwa cha chala chosaleza.

Singano ikakwera bwino, chubu n'kuwala bwino, koma makina osadula, yambani ndi akalilole ndi lenzi, zimene zimada ndi utsi. Zikakhala zoyera, matani kapepala patsogolo pa kalilole woyamba n'kudina kamodzi pa mphamvu yochepa. Chubu chamoyo chimasiya kadontho kamodzi kozungulira. Chokalamba chimasiya kamphete kapena timadontho tiwiri, ndipo kuwala kwake kumayamba kuyererako. Pamenepo palibe chokonza.

Ndinenenso kuti kuwala kwapepo kumene timakuona m'chubu si kumene kumadula. Kumeneko ndi mpweya chabe ukuyaka, carbon dioxide wosakaniza ndi nitrogen ndi helium. Kodulako n'kwa ma micrometre 10.6, kutali ndi zimene diso limaona. Laser ya mtunduwu anaitulukira ndi Kumar Patel ku Bell Labs mu 1964, ndipo zimandikhudza ndikaganiza kuti chinthu chimene chinali cha akatswiri a ku America lero chikulemba mayina a akwati m'chipinda chakuseri ku Blantyre, n'kukonzedwa ndi munthu amene anaphunzira pa ma TV.

## Madzi, kutentha ndi chiperoni

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala pa makina amenewa kuno kwathu.

Choyamba ndi madzi. A pampopi ndi a pamjigo ali ndi mchere umene umadutsitsa magetsi, ndipo madziwo amayenda mkati mwa chubu, pafupi kwambiri ndi mbali yoopsa. Ofunika ndi madzi oyera opanda mchere, aja amagulitsidwa othira m'mabatire a galimoto, koma onetsetsani kuti ndi madzi okhaokha, osati asidi wa batire, chifukwa mabotolo ake amafanana. Ndowa ikhale yovundikira, ndipo madzi akayamba kusintha mtundu, asintheni.

Chachiwiri ndi October. Chubu chimafuna madzi a pakati pa madigiri 15 ndi 25, koma m'chipinda cha malata nthawi yotentha ndowa imafunda msanga. Ambiri timaponyamo mabotolo a madzi oundana. Zimathandiza, koma madzi akazizira kwambiri kuposa mpweya wa m'chipinda, galasi limachita thukuta kunja, ndipo thukutalo limatsetsereka kufika polumikizira waya wofiira. Ndinaika kachida koyezera kutentha m'ndowa, ndipo ndimaika botolo limodzi panthawi, kusunga madzi cha m'ma 20.

Chachitatu ndi chinyezi, cha mvula komanso cha chiperoni cha mu June ndi July, pamene nkhungu imalowa mpaka m'nyumba. Masiku otere ndimayatsa fani ya utsi kaye kuti mpweya uyende m'makina ndisanayambe kudula, ndipo zenera la pafupi limakhala lotseka usiku. Kamodzi pamwezi, makina ali ozula, nditatsitsa magetsi otsalira ndi chida chimene bambo aja anandipangira, ndimapukuta mwaye kumbuyo konse. PVC sindidula ngakhale kasitomala achonderere, chifukwa utsi wake uli ndi chlorine amene amawononga mapapo ndi kudya zitsulo ndi mawaya. Ndipo singano sindiilola kupitirira ma milliamp 15. Makina amalembedwa ma watt 40, koma mukawakakamiza kumapeto mumangofupikitsa moyo wa chubu popanda kudula mozama kwenikweni.

## Chubu chatsopano

Chubu chimene anzanga anati chatha chinandigwirira ntchito nthawi yaitali kuchokera pamenepo. Tsopano chayambadi kukalamba, kadontho kaja kayamba kukhala kamphete, ndipo chatsopano chili m'njira.

Nditapita ku Limbe kukawauza, bambo aja anavomera kudzachiika, koma anapereka lamulo. Akufuna kuti mnyamata wa mawaya uja adzakhalepo, pamodzi ndi anzanga awiri amene ali ndi makina ngati anga, ndipo aliyense adzabwere ndi kapaipi kapulasitiki ndi waya kuti adzapange chida chake chotsitsira magetsi iwo akuona. Anati maso awo ayamba kufooka, ndipo achinyamata amene amabwera kushopu kudzaphunzira amafuna za mafoni zokha, palibe amene anaonapo ma volt 20,000 akulumpha. Makina a laser akuchuluka m'tauni, m'mashopu osindikiza ndi m'nyumba za anthu, ndipo ena mwa eni ake amatsegula kumbuyo ndi manja awiri.

Tagwirizana Loweruka, mvula ikadzatha. Anandilembera pakapepala zoti ndikonzeretu: silikoni wosanunkha viniga, mita imodzi ya waya wa silikoni wolembedwa ma volt 40,000, madzi atsopano, ndi nsalu zakuda zotchingira mazenera, chifukwa akufuna kuti anyamatawo adzaone chubu chikuyaka koyamba mumdima, aliyense manja ali kumbuyo.